Mazira mu Redieta

Chaka china alamu anga, amuna a mlongo wanga, anapempha galimoto yanga yakale kuti azinyamulira thonje kupita ku Ngabu. Sabata yonse ankadzaitenga m'mawa n'kuibweza madzulo, osandiuza kuti pampu ya madzi ikudontha. Ndinadzazindikira ndekha pa chitunda cha ku Thabwa, dzuwa likuswa mtengo, injini itawira.

Makaniko wa pa Nchalo atamasula pampuyo kuti aike ina, fungo linatibalalitsa tonse. M'mapaipi munali mazira owola. Alamu ankaswera mazira mu redieta m'mawa uliwonse kuti atseke podonthapo.

Nditawafunsa, anayankha osaphethira n'komwe: "Madalaivala onse amatero, alamu. Mukanandithokoza."

Ndithokoze chiyani? Mazirawo ankawatola m'khola la nkhuku zanga. Sabata imeneyo pakhomo tonse tinkanamizira galu wathu kuti ndiye akuba mazirawo, mpaka ine ndinamugwira n'kumukanikiza dzira lotentha m'kamwa kuti aleke.

Pampu yatsopano ija ikugwirabe ntchito, ndipo alamu amabwerabe kudzacheza, kuseka ngati palibe chinachitika. Koma galuyo mpaka kufa kwake, ndikamuitana ankathawira kuseri kwa nyumba.