Mapiritsi a Kaodzera m'Mwezi wa Ramadhani

Ndili mwana ku Malengachanzi ndinaona amalume anga akufa ndi kaodzera, matenda obwera ndi kashembe. Ankasinza chakudya chili m'kamwa. Kuyambira pamenepo ndinkapempha Mulungu zinthu ziwiri: kuti ndidzachiritse odwala, ndiponso kuti ndidzafufuze matendawa mpaka kumizu. Anandipatsa zonse. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ziwirizi zidzakokana ngati ng'ombe zosazolowerana pa goli limodzi.

Chaka china tinkayesa mapiritsi atsopano, olowa m'malo mwa jakisoni wakale amene ankapha ena mwa omwe tinkafuna kuwapulumutsa. Lamulo la kafukufuku linali lolimba: wodwala amwe m'mawa, atadya, ine ndikuona. Odwala kaodzera sapezeka wamba, choncho aliyense wolowa m'kafukufukuyo anali wamtengo wapatali kwa ife.

Kunabwera bambo ena achikulire, Asilamu, asodzi a kumathiriro a Bua. Anavomera kulowa nawo. Koma unali mwezi wa Ramadhani, wa swaumu, pamene Asilamu amasala kudya mpaka dzuwa litalowa. M'mawa nditawapititsira phala ndi mapiritsi, anatembenukira kukhoma.

"Bambo, shehe wanu sanakuuzeni kuti wodwala amaloledwa kudya?"

"Anandiuza, adokotala. Iyeyo ndinamunyamulapo ali khanda. Ine kuyambira unyamata wanga sindinadulepo swaumu. Mwina mwezi uno ndi wanga womaliza. Ndikafike kwa Mwiniwake nditadula?"

"Mukamwa mankhwalawa sukhala womaliza."

"Walonjeza ndani, inu kapena Iyeyo?"

Ndinanyamula phala lija n'kutuluka.

Ndinaimbira foni akuluakulu a kafukufuku. Anati ndikhoza kuwapatsa bambowo mapiritsiwo madzulo akamamasula swaumu, adzagwirabe ntchito, koma zotsatira zawo sizidzawerengedwa. Anandikumbutsa mwaulemu kuti owerengedwa akachepa, mankhwalawa adzachedwa kufika kwa anthu ambiri. Sananame. Ndikanatha kuitana ana a bambowo kuti awakakamize, ndipo mwina akanadya, misozi ili m'maso.

Masana ndinakalowa m'tchalitchi mulibe munthu, n'kugwada. Ndinaganiza za khamu la nkhosa zimene sindinazionepo nkhope, ndi imodzi yogona pa bedi la pakona, imene inali itandipatsa kale mkono kuti nditenge magazi. Sindinamve liwu lililonse. Ndinangodzuka mawondo akupweteka, n'kupita kukauza anamwino kuti bambowo azimwa madzulo.

Kumzikiti ataitana, akazi awo anavundukula mbale ya mpunga ndi nsomba ya mpasa. Bambowo anadya pang'onopang'ono, kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsani tsopano timiyala tanuto."

Tinatero tsiku ndi tsiku mpaka mankhwala anatha. Anachira, anabwerera ku maukonde awo.

Mu lipoti la kafukufukuyo iwo mulibemo. Ntchito ziwirizi ndikuzigwirabe. Ndikamva za munthu wa kumudzi amene mapiritsi sanamufikire nthawi yake, ndimafunsa Ambuye ngati ndinasankha bwino. Sanandiyankhebe, ndipo ine sindinaleke kufunsa.