A Shanzi Si Loya

Mukatsika basi ku Chipata n'kufunsa kuti a Loya ali kuti, wanjinga aliyense adzakutulani pansi pa mtengo wa mango, tsidya la msewu wopita ku khoti laling'ono. Pamenepo pali tebulo lopendama ndi bambo wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Koma mukafika musayerekeze kuwatchula dzina limenelo. Ine ndimajambula zithunzi za reji, chitupa chathu cha unzika, ndi za pasipoti pambali pawo, ndipo ndaona azibambo a ndevu akudzudzulidwa ngati ana a sukulu.

"Ine ndine Stanley Shanzi, wolemba makalata," amatero akukonza tayi. "Loya amakhala mu ofesi ya pamwamba, yokwera masitepe. Mukuona masitepe pano?"

A Shanzi anakulira ku Tamanda, mwana wa mphunzitsi wa pamishoni, ndipo anatayipa makalata mu ofesi ina ya boma mpaka kupuma ntchito. Pakhomo sanakhalitse. Akazi awo anatopa nawo chifukwa anayamba kulangiza ngakhale nkhuku, ndiye anawauza kuti akapeze anthu olankhula nawo kutauni. Lero ali ndi laputopu yomwe mwana wawo anatumiza kuchokera ku Lusaka, koma makina akale otayipira sachoka pansi pa tebulo, poti magetsi athu mukuwadziwa.

Amalemba kalata yolumbira ya munthu wotaya reji, pangano la ogulitsana poloti, madandaulo opita kukhoti. Munthu amakhala pa benchi n'kumafotokoza m'Chinyanja, iwo n'kumaika m'Chingerezi. Akamaliza amawerenga zonse mobwezera m'Chinyanja, mzere ndi mzere, mpaka mwiniwake avomere kuti mawuwo ndi ake. Chidindo alibe. Ukafuna kulumbira amakulozera kwa wolumbiritsa. Ukawauza kuti awonjezere kabodza kokometsera, amachotsa manja pa makina n'kuyamba kuyang'ana mapiri.

Chomwe chimandikwiyitsa ine n'chakuti bamboyu ali ndi maganizo pa chilichonse. Mpira, feteleza, maulaliki a abusa, ngakhale mmene ndimagwirira kamera yanga. Koma wina angofunsa kuti, "Kodi mlanduwu ndiwina?" pakamwa pamatsekeka.

"Limenelo si funso langa," amayankha. "Pitani ku Ligo Edi, kuli anthu anaphunzira malamulo. Ndikakunamizani ine, mudzalira ndinu."

Ndinkati n'kudzichepetsa kwachinyengo chabe, mpaka pomwe inabwera nkhani ya a Mainess.

A Mainess ndi mayi wamasiye wa ku Kapata, wogulitsa tomato pamsika. Amuna awo, malemu a Tomasi Miti, anali mnzawo wa a Shanzi wa ponda apa nane mpondepo, oimbira limodzi mu kwaya. Maliro atatha, banja linasankha mng'ono wa malemuyo, Chance, kuti ayang'anire chuma cha masiye, khoti laling'ono n'kuvomereza. Chance anayang'anira ndithu. Anayang'ana nyumba ija, n'kuona kuti ili pafupi ndi msika, n'kuyamba kubwera ndi anthu oti aigule. Ankati a Mainess ndi ana apite kumudzi.

A Shanzi anayamba awatumiza ku Ligo Edi. Kumeneko anawafotokozera za malamulo n'kuwauza kuti akadandaule ku khoti laling'ono lomwe linapatsa Chance udindowo. Atabwerera pa benchi, a Shanzi anawalembera madandaulo. Inali ntchito yovuta, chifukwa a Mainess amalankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anafotokoza mmene anaumbira njerwa ndi amuna awo kudambo, mmene ankatungira madzi omangira ali ndi pakati pa Molly, mwana wawo woyamba. A Shanzi ankalemba akupukuta magalasi kawirikawiri, amvekere fumbi lachuluka.

Tsiku la mlandu litayandikira, a Mainess anafika ndi nkhuku m'manja.

"A Shanzi, ndamva kuti alamu anga abweretsa apongozi kuchokera kumudzi kuti akakhale mboni."

"Ndiye bwanji, amake Molly?"

"Ine ndingalankhule pamaso pa apongozi? Chikwatiwire sindinayambe ndaima pomwe iwo akhala. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Moni amapereka ndi ana. Ndiye ndikaime chilili, ndiziwayang'ana, n'kumatsutsa mwana wawo? Mukandilankhulire ndinu."

"Khoti limenelo ngakhale maloya enieni salankhuliramo munthu. Nanga ine?"

"Mukanene kuti ndinu amalume anga."

A Shanzi anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "M'khoti muja aliyense akundidziwa, mpaka wosesa. Komanso si ine amalume anu. Ndayamba liti kulemba zoona pa pepala n'kukanena bodza pakamwa? Ine kudambo kunalibe, amake Molly. Akandifunsa za njerwa ndikayankha chiyani? Kandimverere anakanena za m'maluwa."

"A Tomasi akanakhala ndi moyo sakanakukanani chonchi," anatero a Mainess. Ananyamula nkhuku yawo n'kumapita osatsanzika.

Ine ndinapsa mtima. Ndinawauza a Shanzi kuti pakamwa ponseponse pamene amatisokosera napo, lero pafunika ntchito ndiye pathawa. Ndinati nyumba ikapita, tayi yawoyo akaipereke kwa ana amasiye afunde. Iwo anangoitana munthu wotsatira pa benchi, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa akanandikalipira. Tsiku lonse analemba makalata a anthu mwakachetechete, osatchulako ngakhale za mpira.

M'mawa wa mlandu ndinawaona akutseka laputopu n'kukankhira tebulo ku mtengo.

"Mukupita kukalankhula?" ndinafunsa.

"Ndikupita kukakhala pansi. Kukhala pansi salipiritsa, ndipo lamulo silikaniza."

Nane ndinapachika kamera m'khosi n'kuwatsatira. Tinakhala pa benchi la kumbuyo. Kutsogolo kunali Chance, atavala jekete lonyezimira, ndipo pambali pake panali a Gideon Miti, apongozi aja, nkhalamba yayitali yowonda, chipewa chili pabondo. A Mainess analowa mozemba, atadzikulunga chitenje mpaka m'mapewa, n'kukakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi. Atationa anatembenuza nkhope.

Woweruza anali mayi wachikulire wa magalasi. Anawerenga madandaulo aja, kenaka anati, "Mayi Miti, pepala ndaliona. Tsopano ndikufuna ndimve kwa inu. Imirirani mufotokoze."

A Mainess anaimirira. Anayang'ana pansi. Anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Maso awo anapita kwa apongozi n'kubwerera msanga pansi, mawondo n'kuyamba kupinda okha kufuna kugwada.

"Tikudikira, mayi," anatero woweruza.

Chance anayamba kumwetulira.

Ine ndinayang'ana a Shanzi. Mawu onse a pepala lija anali m'mutu mwawo, ndipo milomo inkagwedera ngati ya munthu wotsatira nyimbo chamumtima. Thukuta linali kamukamu. Ndinawagunda ndi chigongono kuti nenani kanthu, koma iwo anatenga nsonga ya tayi n'kuiluma. Ndikunena zoona, bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, kuluma tayi m'khoti. Ndinafuna kuseka, komanso ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndinaona kuti kukhala chete kuja kunkawapweteka.

"Ngati wodandaula alibe mawu," anayamba woweruza, "khoti lino silingathe…"

Pamenepo a Gideon Miti anadzuka pang'onopang'ono, atagwira ndodo.

"Pepani, a khoti. Apongozi angawa si osalankhula ayi. Akuopa ine. Analeredwa bwino."

Ananyamula mpando wawo, n'kuukokera pakona, n'kuutembenuza. Anakhala pansi atayang'ana khoma, msana uli kwa anthu tonse.

"Ine ndachokapo, amake Molly. Amene watsala apa ndi khoma. Lankhulani."

Anthu anaseka, mesenjala wa khoti n'kuwaletsa, naye akubisa mano. A Mainess anapuma mozama. Mawu oyamba anatuluka aang'ono, koma anatuluka. Ananena za dambo ndi njerwa. Ananena za malata omwe ankagula limodzilimodzi tomato akayenda bwino. Pang'ono ndi pang'ono mawu anakula, chitenje chinatsika m'mapewa, dzanja linayamba kuloza. Ananenanso zomwe pa pepala panalibe: kuti alamu awo anabwera ndi ogula ana akudya, ogulawo n'kumayeza chipinda ndi tepi, ndipo Molly anafunsa ngati nawonso agulitsidwa pamodzi ndi nyumba. Mayi amene timamudziwa kuti sangathe kuthamangitsa mbuzi pa tomato wake analankhula mpaka woweruza anasiya kulemba n'kumangomuyang'ana.

Chance anayesa kufotokoza zake. Anati ankafuna kuthandiza, ndalama akanasungira ana. Woweruza anafunsa ngati anakambirana ndi mayi wa anawo asanabweretse ogula. Chance anayang'ana jekete lake.

"Mboni yanu inenepo," anatero woweruza. "Bambo Miti, mukhoza kutembenuka."

"Ndili bwino chonchi," inayankha nkhalamba, ikuyang'anabe khoma. "Mwana wangayu anandiuza kuti nyumba anamanga mkulu wake yekha, ndipo mkazi akufuna kukwatiwa abweretsemo mwamuna wina. N'chifukwa chake ndinakwera basi. Koma njerwa akunenazi ndikuzikumbuka. Ndinabwera kudzaona Tomasi chaka chimenecho, ndinapeza munthu ali m'matope mpaka m'mawondo, atandiona anathawira kuseri kwa uvuni. Sindinamuone nkhope. Lero ndadziwa kuti anali ndani."

Khoti linachotsa Chance pa udindo, ndipo linati a Mainess ndi ana akhalebe m'nyumba yawo.

Panja, a Mainess anabwera kwa a Shanzi ali ndi manyazi. Anayamba kupepesa za mawu aja, koma a Shanzi anakweza dzanja. Tayi inali yonyowa kunsonga, ili ndi zizindikiro za mano.

"Ndikanalankhula ine ndikananena za pa pepala zokha," anatero. "Za tepi zija simunandiuze."

"Nanenso sindinadziwe kuti ndizinena."

Apa pakamwa pa a Shanzi panatseguka ngati mpopi wokonzedwa. Anayamba kutifotokozera mlandu wonse kuyambira pachiyambi, ngati kuti ife tinali ku Katete. Anali pakati pofotokoza pomwe a Gideon anatulukira pakhomo la khoti. A Mainess, mwachizolowezi, anathawira kuseri kwa mtengo n'kugwada. Nkhalamba inaima patali, inavala chipewa, n'kulankhula kwa a Shanzi, koma mokweza kuti wa kuseri kwa mtengo amve.

"Ndinu munalemba pepala lija?"

"Ndine, bambo. Koma mawu ndi awo."

"Ndawamva," anatero a Gideon. Anakanda pansi ndi ndodo. "Tomasi ankandiuza kuti mkazi wake ndi wanzeru, amalankhula zomveka. Ine ndinkati n'chikondi chabe cha mwana. Zaka zonsezi mawu a mpongozi wanga sindinawamvepo, ndadzawamvera m'khoti, mwana wanga ali m'manda. Muwauze kuti basi yakumudzi ndikwera mawa. Lero ndikagona kwa adzukulu anga, ngati mwini nyumba alola."

A Shanzi anatembenukira ku mtengo kuti apereke uthengawo. Asanatsegule pakamwa, kuseri kuja kunamveka mawu, osanjenjemera.

"Mwini nyumba walola, apongozi. Tiyeni kunyumba."