Tsiku Limene Agogo Anaimirira ku Manda

Ndinadzuka kusanache chifukwa cha phokoso la ketulo. Ndinali nditagona chokhala pa masitepe, mutu nditatsamira khoma, poti nyumba yathu ya ku Evington, mu mzinda wa Leicester, inali itadzaza. Amayi a kutchalitchi, amene anaimba usiku wonse, anali ngundangunda pa kapeti, zitenje atafunda pamwamba pa majekete. Azibambo anali ku galaja, atazungulira hita imodzi. Thupi la agogo aamuna munalibe m'nyumbamo. Kuno maliro amakhala kwa osunga mitembo, ndipo tinali titadikira masabata atatu kuti tsiku la kumanda lipezeke.

Agogo aakazi anali maso kale. Ndiwo anandilera ku Harare makolo anga atamwalira, ndipo tinabwera tonse ku Leicester kutsatira amayi aang'ono, amene ndi namwino. Chaka chimenecho mawondo awo anali atakaniratu, moti ankayendera njinga ya odwala. Ndikuwamanga duku, anabwereza zimene ankanena masabata onse atatu: amuna awo akwiriridwe ndi anthu awo, ndi mafosholo, osati ndi thirakitala ngati akukonza msewu. A kumanda anali atavomera, koma anatiikira malire. Mu Novembala kuno kumada msanga ndipo geti amatseka. Ikakwana 3 koloko tisanayambe kukwirira, thirakitalayo igwira ntchito yake.

Kutayamba kuyera, kuseri kwa nyumba kunayaka mbaula za gasi pansi pa tenti. Mvula inkawaza pang'onopang'ono, yozizira. Nyama tinagula ku Spinney Hill, ndipo mwini butchala anawonjezerapo nkhuku zaulere, akuti malirowo anali a munthu amene ankabwera Lachisanu lililonse kudzatsutsana naye za ndale. Anthu anayamba kufika. Anamwino ena anachokera ku shifiti yausiku, yunifolomu ili mkati mwa makhoti. Anzathu a ku Zambia anabwera pa minibasi kuchokera ku Nottingham. Ana ankathamanga m'khonde, ukawafunsa m'Chichewa iwo n'kuyankha m'Chingerezi.

Ntchito yanga inali yokatenga a Seneta ku Oadby.

Agogo aamuna anali m'gulu loyamba la aphungu a nyumba ya malamulo ya akuluakulu, imene ankaitcha Seneti, ku Harare kuja, dzikolo litangolandira ufulu. Anali mwana wa Amalawi amene anapita kumeneko kukafuna ntchito, ndipo anachokera ku bungwe la ogwira ntchito m'migodi. Nyumbayo inadzathetsedwa, ndipo anthu anawaiwala. Mu Leicester anali nkhalamba wamba yodikira basi. Koma m'Baibulo mwawo ankasungamo pepala la mayina a onse amene analumbira nawo, ndipo uthenga wa imfa ukafika ankadula dzina limodzi. Otsala sankakwana zala za dzanja limodzi. Mmodzi wa iwo ankakhala ku nyumba yosungira okalamba ku Oadby. Anali Mshona, koma Chinyanja anachiphunzira ali mwana m'komponi ya mgodi, ndipo tonse tinkangowatchula kuti a Seneta.

Lamulungu lililonse ankabwera kwathu kudzakangana ndi agogo aamuna. Nkhani inali imodzimodzi: ndani analumbira poyamba tsiku lija. Agogo ankati iwo analumbira tiyi asanabwere, anzawowo tiyi atamwedwa. A Seneta ankakana. Ankalankhula mosinthana, ataimirira, dzanja lili pa mpando, ndipo onse awiri ankawatchula agogo aakazi kuti a Pulezidenti a Nyumba. Ine sindikonda kulankhula, ndiye ndinkangoona. Ndinazindikira chinthu chimodzi. Agogo aakazi akangoimirira kupita ku khichini, wolankhula uja ankadukiza mawu pakati n'kukhala pansi. Nditafunsa, agogo aamuna anati ndilo linali lamulo la m'Nyumba ija: wapampando akaimirira, phungu amakhala pansi nthawi yomweyo. Mawondo a agogo aakazi atafa, mikangano ija inkafika madzulo.

Ndinawapeza a Seneta atavala kale suti yakuda, thumba la jekete litatupa ndi mapepala.

"Mdzukulu, andipatsa mphindi zingati?"

"Zisanu, agogo."

"Zisanu! Zisanu ndi zoperekera moni."

Mapemphero a m'tchalitchi anatha bwino, ngakhale mochedwerako. Potuluka, bambo wa kampani ya maliro, wa chipewa chachitali, anayenda wapansi patsogolo pa galimoto ya bokosi mpaka kumapeto kwa msewu. Azungu ena oyenda ndi agalu anaima n'kuweramitsa mitu. Amayi ankaimba m'magalimoto mawindo ali otsegula, mvula ikuwalowera. Mdipiti wathu unali wautali, koma pa raundabauti yoyamba unaduka patatu. Minibasi ya ku Nottingham inatsatira galimoto ina yakuda mpaka pa malo oimika magalimoto a sitolo yaikulu. Tinawadikira pa geti la kumanda, ndipo atafika akuseka okha, 2 koloko inali itadutsa kale.

Dothi anali ataliunjika pambali pa dzenje n'kulifunditsa kapeti wobiriwira wonga udzu. Mafosholo asanu ndi limodzi anali atawayedzeka pa mtengo. Chapatali pang'ono panaima thirakitala yaing'ono yachikasu, woyendetsa ali mkati akumwa tiyi wa m'fulasiki. Bokosi litatsitsidwa, analankhula a kubanja, kenako a kumpingo, kenako woimira Amalawi a mumzindawu. Onse anafupikitsa. A Seneta anapatsidwa mwayi kutatsala mphindi makumi awiri.

Anayamba bwino kwambiri. Anafotokoza kuti tsiku lolumbira agogo anavala nsapato zobwereka, zothina, ndipo anazivula pansi pa benchi. Dzina lawo litaitanidwa mwadzidzidzi anapita kutsogolo ndi masokosi okha, lina lobooka pa chala. Manda onse anaseka. Kenako a Seneta anayang'ana m'dzenje muja n'kunena kuti, "Analumbira poyamba ndi iwowa. Ndakana zaka zonsezi. Lero ndavomera, poti sakundimva." Agogo aakazi anaseka mpaka misozi, ndipo aliyense anaganiza kuti mawu athera pamenepo.

A Seneta anatembenuza pepala. Linali loyamba chabe.

Abusa anatsokomola. Amayi aang'ono anakweza dzanja kuonetsa wotchi. A Seneta anali atafika pa lamulo la penshoni ya ogwira ntchito m'migodi, ndipo ankalifotokoza ndime ndi ndime. Amayi a kutchalitchi anachita zimene timachita wolankhula akatalikitsa pa maliro: anayambitsa nyimbo. A Seneta anadikira mwaulemu, chala chili pa pepala. Nyimbo itatha anati zosokoneza za otsutsa anazizolowera kalekale, n'kupitiriza pa liwu lomwe analekezera. Panalibe amene akanakoka jekete la munthu wamkulu chotero pamaso pa anthu. Woyendetsa thirakitala anatseka fulasiki yake n'kuliza injini. Kunatsala mphindi zisanu.

Ndinali kumbuyo kwa njinga ya agogo. Ndinaona manja awo akufinya chitenje. Ndinawerama.

"Agogo, imirirani."

"Iwe, ndi mawondo ake ati?"

"Ndikugwirani. A Pulezidenti a Nyumba akaimirira..."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana thirakitala ija. Kenako anandigwira pakhosi ngati mwana wofuna kuberekedwa. Ndinamva mawondo awo akulira. Anadzuka pang'onopang'ono, akunjenjemera, mpaka anaima njo, n'kuyang'anitsitsa a Seneta.

A Seneta anadukiza liwu pakati. Anaweramitsa mutu, anayang'ana uku ndi uku kufuna mpando, ndipo atausowa anakhala pa mulu wa dothi uja, pa kapeti wonyowa, mapepala ali pa bondo. Anthu ambiri sanamvetse chimene chachitika, koma anaseka ndithu. Achinyamata awiri anawadzutsa n'kuwapukuta kumbuyo, ena akuthamangira mafosholo. Dothi loyamba linagwera pa bokosi kutatsala mphindi ziwiri.

Injini ija inazima. Abambo anakwirira mosinthana, nsapato za kutchalitchi zikumira m'matope ofiirira, amayi akuimba. Agogo anakana kukhala pansi mpaka bokosi litabisika. Chakumapeto woyendetsa thirakitala uja anatsika, anavula chipewa, n'kupempha fosholo. Anasalaza m'mbali mwaluso kuposa tonsefe. Tinatuluka pa geti magetsi a mumsewu akuyaka.

Kunyumba anthu anadya mpunga ndi nyama ataimirira, ena pa masitepe, ena m'khichini, ndipo nkhani inali ya masokosi ndi ya a Seneta pa mulu wa dothi. A shifiti yamadzulo ananyamuka msanga. Ndisanawabweze a Seneta ku Oadby, agogo anawapatsa pepala la m'Baibulo lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, anapempha cholembera, koma sanadule dzina lililonse. Anangolipinda n'kuliika limodzi ndi mapepala awo aja.

Nditabwerako nyumba inali zii. Tenti inkadontha kuseri, mapoto atavundikiridwa pa udzu. Amayi aang'ono anali atagona pa sofa nsapato zili kuphazi. Ndinatenthetsa madzi n'kuyamba kuthowa mawondo a agogo, amene anali atatupa ngati mikate. Mipando iwiri ya pa mikangano ija inali pamalo pake, moyang'anizana.

"A Seneta anatsala ndi mapepala angati?" agogo anandifunsa.

"Ndinaona asanu ndi awiri."

Anayang'ana mpando wa agogo aamuna.

"Lamulungu ukawatenge," anatero. "Adzamalizire pano. Ine sindidzaimirira."