Belu la mkuwa ndinkalimva m'chifuwa

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma mitu ya sitima imene inkalowa m'shedi ya ku Nairobi, palibe umene sunalawe bulashi yanga. Manambala a m'mbali ndinkawajambula ngati zithunzi, osaphonya. Mzere wachikasu ndinkaukoka ndi dzanja, popanda chingwe. Funsani aliyense.

Anthu ankati ndimayankhula ngati ndikuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje. Ankayesa matama. Matamawo analipo, inde, koma chenicheni n'chakuti makutu anali atayamba kufa. Nyundo za m'shedi zinawadya pang'onopang'ono. Ankadziwa ndi mayi akunyumba okha, ku Donholm, dera la mu Nairobi kumene tinkakhala.

"Bambo, kawauzeni akapitawo," ankatero atandigwira phewa kuti ndiwayang'ane pakamwa.

"Ndikawauze kuti andichotse? Wogontha saponda pa njanji, mayi. Ndi lamulo limenelo."

Chimene chinkandisunga pa ntchito ndi belu. Mutu ukamasuntha m'yadi, dalaivala ankaliza belu kuti anthu apatuke. Linali la mkuwa, lolemera ngati thumba la simenti. Khutu linkaliphonya, koma chifuwa chinkalimva. Likangoti nge, ine ndadumpha kale anzanga asanatembenuke. Ife openta tinali ndi mwambo wathu: belu silikhudza penti. Tisanayambe ntchito tinkalipaka girizi n'kulikulunga chiguduli, pomaliza n'kulipukuta mpaka udzionemo mano.

M'zaka za m'ma 2000 kunabwera mabwana atsopano. Anafuna mutu umodzi ubwerere ku mtundu wakalekale, wofiira woderapo uja ngati magazi ouma, kuti alendo azidzaujambula. Pepala la kasakanizidwe ka penti linali litasowa. Kapitawo wathu, Mkenya wamtali amene ankandiitana kuti Mzee, ndiye kuti mdala m'chiyankhulo chakwawo, anabwera kwa ine.

"Mzee, mtundu uja mukuukumbukira, kapena unapita limodzi ndi tsitsi?"

"Uli m'maso muno!" ndinakuwa. "Pepala ndi la anthu oiwala."

Ndinasakaniza mu mgolo, kudontheza pa chikhadabo, kutuluka nacho padzuwa, kubwerera, kuwonjezera wakuda pang'ono. Masabata atatu. Mutu uja unawala ngati mkwatibwi.

Nditakwera kuti ndikamasule chiguduli, ndinapeza belu palibe. Amagetsi anali atalichotsa. M'malo mwake anamangapo kabokosi kakuda ka mabowo ngati wailesi. Dalaivala anadina batani. Anthu onse anaseka, akugwedeza mitu, ati likulira ndendende ngati lakale. Nanenso ndinagwedeza mutu.

"Likulira bwino!" ndinatero.

Sindinamve kanthu. M'chifuwa munali zii.

M'mawa mwake linali tsiku loutulutsa. Ine ndinanjuta pamalo panga pa masiku onse, pakati pa njanji, kutsuka mabulashi ndi palafini. Tinkatsukira pamenepo kuti zonyansa zilowe m'miyala. Zaka zonsezo belu ndi limene linkandidzutsapo. Ndinkadziwa kuti lachoka, koma miyendo inandipititsa yokha.

Ndinangomva kutentha kumsana, mthunzi n'kundiphimba. Nditacheuka, penti yanga yofiira inali pamphuno panga, moti ndikanaigwira osatambasula mkono. Pansi pa nyali panali katsitsi ka bulashi kamene kanaumira mu penti. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Mantha sanabwere. Dalaivala anali atasuzumira pawindo, chala chidakali pa batani.

Kapitawo anaima patsogolo panga. Ndinayang'ana pakamwa pake.

"Lakhala likulira kuchokera pakhomo la shedi, Mzee."

"Ndimaganiza zina," ndinayankha.

Anazungulira n'kukaima kumbuyo kwanga. Patapita kanthawi anabweranso kumaso.

"Ndati chiyani?"

Zimene ananena kumbuyoko sindinazimve. Anzanga anayang'ana pansi. Kwa nthawi yoyamba m'yadi imeneyo mawu anga sanamveke.

Ovololo ndinaipinda ndekha n'kuisiya pa benchi. Mabulashi ndinamaliza kutsuka, chifukwa bulashi siigona ndi penti. Ndinakwera minibasi, zimene kumeneko amati matatu, dzuwa lili pamutu.

"Mwabwera msanga," anatero mayi akunyumba.

"Penti yatha."

Anandiyang'ana n'kukateleka madzi a tiyi.

Mutu uja unkadutsa nthawi zina pa njanji ya kufupi ndi kwathu. Kufiira kunayamba kusuluka, koma mzere wachikasu unali wowongokabe. Ndikakhala pamenepo ndinkayang'ana anthu oyenda m'mbali mwa njanjiyo. Akapatuka, nanenso ndinkapatuka.