Achemwali ndi Mbewa za Kuntchito Kwanga

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ntchito yanga inali yosamalira mbewa. Kutchalitchi ku Peckham ndinkangoti ndimagwira kumalo a kafukufuku wa zachipatala, anthu n'kumayesa kuti ndine nesi ngati achemwali anga. Sindinkawatsutsa. Achemwaliwo, amene anandiitanitsa kuno ku London, ndiwo okha ankadziwa zoona, ndipo ankandiseka nazo.

"Kwathu mbewa tinkakumba ndi khasu," ankatero. "Iwe wakwera ndege kudzaziyalira pogona."

Chipinda chathu chinali pansi pa nyumba yaikulu, chopanda zenera. Ndisanalowe ndinkavala ovolosi, chipewa, magolovesi ndi chophimba kukamwa. Tsiku lonse linkatha ndili chiimire, kusintha utuchi m'mabokosi, kuthira madzi, kuyeza mbewa iliyonse pasikelo n'kulemba. Pofika masana msana unkachita kuwotcha.

Mbewazo sizinali wamba. Akatswiri ankazisintha majini, tizinthu ta m'maselo timene timalamula kuti selo likule liti ndipo lileke liti. Mayi amene ankatsogolera kafukufukuyo anandifotokozerapo tsiku lina. Anati ndulu imapangidwa m'chiwindi n'kumatsika kupita m'matumbo kudzera m'timipaipi ting'onoting'ono, ndipo iwo ankafufuza chimene chimayambitsa khansa m'timipaipi timeneto. Akazimitsa jini limodzi, mbewa zambiri zinkakhala bwinobwino mpaka kukalamba. Akasokonezanso lina, zotupa zinkabuka m'chiwindi pa miyezi yochepa. Ndinangogwedeza mutu n'kubwerera kumabokosi anga. Ndinkaona kuti zinali za anthu ophunzira.

Achemwali anali atagwira unesi pachipatala chachikulu cha ku Edmonton kwa zaka zoposa makumi awiri. Chaka china anayamba kudandaula kuti thupi likuwayabwa. Anasintha sopo, anasintha mafuta, koma ayi ndithu. Lamlungu lina tili m'basi pochokera kutchalitchi, dzuwa linawawomba kumaso, ndipo ndinaona kuti m'maso mwawo mwachita chikasu.

"Achemwali, mwadziyang'ana pagalasi?"

"Ndaona kale. Ndine nesi, iwe. Apoyintimenti ndi Lachinayi."

Atawaunika, anapeza kuti ndi khansa ya timipaipi ta ndulu, ndipo inali itafalikira moti opareshoni sinali yotheka. Dokotala atatchula dzina la matendawo, ndinalizindikira. Linali lolembedwa pa timakadi ta mabokosi anga, ndipo ndinkaliwerenga tsiku ndi tsiku osaliganizira.

Anawaika kapaipi koti ndulu izidutsa, n'kuyamba kuwapatsa mankhwala a m'diripi. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankakhala ku Wembley ndi ana ake ang'onoang'ono. Choncho ndinasamukira kwa achemwali. M'mawa ndinkakwera sitima kupita kwa mbewa, madzulo kubwerera kwa wodwala, kuwaphikira phala loti angodyako masipuni atatu, kuwapaka mafuta pamsana pomwe anadzikanda mpaka kutuluka magazi. Kawiri konse ndinapitirira siteshoni yanga ndili mtulo.

Madokotala anatenga kachidutswa ka chotupacho kuti akayeze majini ake. Anati akapezamo kusintha kwa mtundu wina wake, pali mapiritsi amene angathandize. Tinadikira masabata atatu. Sanakupeze.

Mawa lake ndinawatsatira mayi wa kafukufuku uja mpaka muofesi mwawo, ndikadali ndi chipewa kumutu. Ndinawauza zonse, n'kuwafunsa ngati panali chilichonse mwa zimene ankayesa pa mbewa chimene achemwali akanapatsidwa. Anandikhazika pampando, natseka chitseko.

"Sindingakunamizeni," anatero. "Tikadali kufufuza mmene matendawa amayambira. Zimene tikuchita muno zikadzathandiza munthu, padzakhala patapita zaka zambiri."

Ndinawathokoza, n'kutsikira pansi kukamaliza mabokosi makumi anayi amene anatsala.

Kuntchito kunali lamulo. Mbewa ikaonda kupitirira mlingo, ubweya n'kuima, iyo n'kumangodzikundikira pakona, ndinkayenera kunena tsiku lomwelo kuti iphedwe isanavutike. Maso anga anazolowera. Ndinkatha kudziwa yodwala ndisanatsegule bokosi.

Tsiku lina Loweruka masana ndikupinda zovala, achemwali atagona pasofa, anandifunsa mwadzidzidzi.

"Mbewa zako zija, zimachira?"

"Ayi, achemwali."

"Ngakhale imodzi?"

"Zina zimachedwerapo."

Anatukula mutu.

"Ndiye uleke kundiyeza ndi maso. Ukangolowa pakhomopo umayamba kundiona mikono, kundiona khosi, kuwerenga masipuni. Ndadwazika anthu zaka zonsezi, ndikudziwa pomwe ndafika. Khala pansi apa undiuze miseche ya kutchalitchi."

Ndinachita manyazi, chifukwa ankanena zoona. Ndinasiya zovalazo n'kukhala pansi, ndipo ndinawauza za mkangano wa amayi a kwaya pa nkhani ya yunifolomu. Anaseka mpaka kugwira pamimba. Kuyambira pamenepo ndinkayesetsa kulowa m'nyumbamo ngati mng'ono wawo, ngakhale masiku ena ndinkalephera.

Anamwalira nyengo yozizira ya kuno ikutha, m'mawa, ine ndili m'sitima. Mwana wawo ndiye anali nawo, ndipo anandiimbira foni. Ndinatsika pasiteshoni yotsatira n'kuwolokera mbali inayo kukakwera sitima yobwerera.

Patatha masabata awiri ndinabwerera kuntchito, koma ndinapempha kuti andisamutsire kochapira mabokosi, komwe kulibe mbewa. Kumeneko n'kotentha, makina amasokosera tsiku lonse, ndipo mapewa amapweteka kuposa msana. Sindinadandaule.

Tikulongedza katundu wa malemu, mwana wawo uja anaima ndi diresi la mayi ake m'manja. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo anayesetsa.

"Anti, ine ndidzadwalanso? Ana anga?"

Ndinamuuza zimene ndinazimva kuntchito, kuti kawirikawiri majini amenewa amasokonekera m'chiwindi cha munthu mwini wake akamakula, si kuti amabadwa nawo kapena kupatsira ana. Ndinamuuzanso kuti akafunse dokotala wake, poti ine si dokotala. Anandifunsa kuti ndazidziwira kuti zimenezi, ndipo ndinamuuza ntchito yanga yeniyeni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati diresilo tilipereke kutchalitchi kapena titumize kumudzi. Tinaliika m'chikwama cha kumudzi, n'kupitiriza ndi nsapato.