Mpando wa a Chipeso Ukwera Sitima

Pachilumba chonsecho wometa anali mmodzi, ndipo anthu ankangowatchula kuti a Chipeso, chifukwa chipeso sichinkachoka m'tsitsi mwawo ngakhale kutchalitchi. Anali munthu wamfupi, wofatsa, wosakonda maulendo. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malume awo, m'kachipinda ka kuseri kwa golosale, koyang'anana ndi msewu wotsikira kudoko. Malumewo atamwalira anawasiyira galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi mpando.

Mpandowo ndiwo unali ulemerero wa malowo. Unali wachitsulo, wokutidwa ndi chikopa chofiira, wa mwendo umodzi wonenepa. Pansi pake panali chopondera. Akachiponda, munthu ankakwera m'mwamba pang'onopang'ono ngati akumukweza paudindo. Ana ankalirira kukametedwa ngakhale mutu uli mbee. Panalibe wodziwa kuti malume anaufikitsa bwanji pachilumbapo, ndipo a Chipeso sanaganizepo zofunsa.

Anameta pampandowo mpaka iwonso imvi zinawatuluka. Anakwatira mwana wa mkulu wina amene anapuma pantchito ya kupositi, analera ana, ndipo moyo unkayenda mopanda phokoso. Kenaka mpando unayamba kutsika wokha. Munthu ankakhala ali pamwamba, a Chipeso n'kuyamba kumeta kumanja, pofika kumanzere mutu uja uli m'chiuno mwawo. Poyamba ankawerama kuutsatira, koma msana unayamba kudandaula. Posakhalitsa amuna onse a pachilumbapo, aphunzitsi, abusa, apolisi, anali ndi tsitsi lopendekera mbali imodzi.

Makaniko wa maboti anabwera, n'kugogoda mpandowo ndi sipanala.

"Jeke yafa," anatero. "Kuno sitingathe. Kumtunda kuli mkulu wina wokonza majeke a magalimoto, koma ameneyo amafuna chinthucho achione ndi maso."

A Chipeso anawolokapo kamodzi kokha ali mnyamata, ndipo chimene ankakumbukira pa ulendowo chinali m'kati mwa ndowa. Choncho anakonzekera mozama. Anafunsa asodzi za mphepo, anafunsa anesi za mankhwala a mseru, anafunsa aliyense wokhala pampando kuti m'sitima mbali yosagwedezeka ndi iti. Aliyense ankatchula mbali yake. Akazi awo anawalongedzera chikwama, n'kuchimasula, n'kuchilongedzanso. Sitima inkabwera kamodzi pa sabata, ndipo malo ankayenera kubukitsiratu.

Wogulitsa matikiti anali mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo. Kunyumba ankawaseka imvi n'kumawabera nyama m'mbale, koma akakhala kuseri kwa kawindo ka ofesi sankadziwa mbale aliyense.

"Ndikuthandizeni, bambo?"

"Ndi ine, alamu."

"Ndakuonani, bambo. Ndikuthandizeni?"

A Chipeso anafotokoza kuti akufuna kuwoloka ndi mpando.

"Mpando suloledwa. Sitima ili ndi mipando yake. Kale anthu ankabwera ndi timipando tawo n'kutseka njira."

"Si wokhalira ayi. Ukupita kukakonzedwa."

"Ndiye kuti ndi katundu. Katundu amakhala m'thumba kapena m'katoni. Ungalowe m'thumba?"

"Sungalowe."

"Ndiye si katundu."

"Nanga mbuzi zimakwera bwanji?"

"Mbuzi ndi chiweto. Mpandowo umadya?"

A Chipeso anaganiza kaye, poti anali munthu wosafuna kunama. "Mafuta okha."

Mlamu sanaseke. Anatseka kawindo chifukwa nthawi ya nkhomaliro inali itakwana, n'kutulukira khomo la kumbali.

"Ii, alamu, mwaswera bwanji? Achemwali ali bwino? Tamverani, mpando wokhawo umene umakwera sitima ndi wa wodwala wosatha kuyenda. Pezani wodwala akhalepo. Koma muofesimo musakanene kuti ndakuuzani ndine."

"Muofesimo muli ndaninso?"

"Ine."

Tsoka lake, mwezi umenewo chilumba chinali ndi thanzi lodabwitsa. Kukiliniki anapezako bambo mmodzi wa chifuwa, amene anachita kuthamanga atamva kuti akufuna kumunyamula. A Chipeso anabwerera kunyumba atagwa mphwayi, n'kupeza apongozi awo ali pakhonde. Mkuluyo anali wathanzi ngati ng'ombe, ankakwera phiri m'mawa uliwonse popanda chifukwa. Ankalakalaka kupita kumtunda, koma ana ake anamuletsa kuyambira pamene sitima inamusiya ali pakati pofotokozera munthu wachilendo mmene makalata ankayendera kale.

"Ndidwala ine," anatero apongozi atamva nkhaniyo. "Mukufuna matenda anji?"

"A miyendo angakwane, bambo."

"Miyendo yokha? Anthu andiseka."

M'mawa mwake a Chipeso anaimanso pakawindo.

"Wodwala ndi ndani, bambo?" anafunsa mlamu.

"Ndi bambo anu."

"Akudwala chiyani?"

"Miyendo. Komanso akuti m'chifuwa."

Mlamu analemba tikiti ya wodwala ndi mpando wake, n'kudinda. Popereka, maso ake anali atalengeza misozi. "Dzulo lomweli anali bwinobwino," anatero chapansipansi.

Apongozi anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anayala mphasa pakhonde, n'kuyamba kubuula aliyense akamadutsa. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira chilumba. Amayi a kwaya anabwera kudzaimba. Neba amene sankayankhulana nawo chiyambire mkangano wa mtengo wa mango anabwera atavula chipewa kudzawakhululukira, koma apongozi anakana kukhululukidwa, nati wolakwa sanali iwo. Mlongo wawo wamkulu, amene banja lonse linkamutcha azakhali, anafika ndi chikwama n'kulengeza kuti mlongo wake sangakafere kutali iye ali kuno. Akazi a a Chipeso anayesa kuwanong'oneza zoona zake, koma azakhali anawagwira dzanja n'kuwauza kuti alimbe mtima. Achibale ena ataona kuti azakhali abukitsa, anachita manyazi kutsala, ndipo nawonso anathamangira kukawindo.

Kutatsala tsiku limodzi, a Chipeso anakumbukira kuti anagulira tikiti wodwala ndi mpando, koma iwo eni anadziiwala.

"Malo atha, bambo," anatero mlamu.

"Mpandowo ndi wanga."

"Pano palembedwa kuti ndi wa wodwala. Inu ndi ndani wake?"

"Mkamwini."

"Operekeza achuluka kale, ndipo onsewo ndi a magazi amodzi. Yesani sabata yamawa."

Tsiku la ulendo anyamata a kudoko ananyamula mpando uli ndi apongozi pamwamba, atafunda bulangeti mpaka m'khosi. Khamu linkatsatira pambuyo, kwaya ikuimba motsitsa. A Chipeso ankayenda kumapeto ndi chikwama chawo, osadziwa kuti achinyamuliranji. Pamlatho wokwerera anyamata anautsitsa kuti apume, ndipo mpando unachita zake. Apongozi anayamba kumira m'bulangeti pang'onopang'ono, mutu ukutsika anthu akuona.

"Akupita," anatero azakhali, n'kuyamba kulira. Amayi ena anawalandira.

A Chipeso anadutsa pakati pa anthu n'kuponda chopondera. Apongozi anakwera. Kulira kunaleka. Patapita kanthawi anayambanso kutsika, kulira n'kuyambiranso, a Chipeso n'kupondanso.

Kaputeni wa sitima ankaonerera ali pamwamba. "Bambo awo ndi ndani?" anafunsa.

"Ndi amene akuwadzutsa," anayankha munthu wina.

"Akwere. Ndipo asachoke pamenepo. M'sitima mwanga simufera munthu."

Umu ndi mmene a Chipeso anawolokera, osati ngati wokwera, koma ngati chiwalo cha mpando. Anauika pakati penipeni, achibale atauzungulira, ndipo iwo anapopa ulendo wonse. Mwendo wamanja utatopa anasinthira wamanzere. Madzi sanawaone n'komwe, ndipo mseru sunapeze mpata. Anthu anamasula mazira owiritsa ndi mikate, koma wodwala azakhali anangomulola tiyi wopanda shuga.

"Mkamwini," ananong'ona apongozi pamene mpando unawafikitsa pafupi, "ndiponyereni dzira m'bulangetimu."

A Chipeso anaponda, ndipo apongozi anakwera asanayankhidwe.

Kumtunda anapeza ambulansi ikudikira, chifukwa abusa anali ataimbiratu foni. Anthu a ambulansi sanafune kumva zambiri. Anakweza wodwala, mpando, azakhali ndi wopopa, n'kuyatsa sayirini. Atafika kuchipatala apongozi anaona kuti masewera afika patali. Anataya bulangeti, n'kuimirira.

"Ndachira," anatero.

Dokotala, mayi wa magalasi wooneka wotopa, anawakhazikanso pansi n'kuwamanga kachipangizo pamkono. Anayang'ana, n'kuyezanso mkono winawo.

"Magazi anu akuthamanga kwambiri, bambo. Mwachita bwino kubwera. Tikugonekani."

"Ine ndimangonamizira."

"Onse amatero," anatero dokotala, n'kuitana nesi.

Apongozi anatembenukira kwa a Chipeso ndi nkhope imene a Chipeso anali asanaionepo chikwatirireni. "Ndinachoka kwathu ndili bwinobwino. Mpando wanuwo ndi umene wandipatsa matenda."

Mkulu wokonza majeke anali ndi shedi yake pafupi ndi depoti ya mabasi. Anagadabuza mpando, anamasula mwendo, n'kutulutsa kamphira kozungulira ngati mphete, kothetheka. Anaika kena, anathira mafuta, n'kukhalapo yekha. Mpando unakwera n'kukhala pomwepo.

"Basi?" anafunsa a Chipeso.

"Basi. Kamphira aka mukanangoitanitsa, ndikanakupatsirani kwa aliyense wobwera kwanuko."

A Chipeso anathokoza, n'kukakhala kaye pamthunzi.

Vuto linatsala pobwerera. Ku ofesi ya matikiti ya kumtunda kunali bambo wina wa tayi, koma mawu ake anali omwe aja: mpando sukwera popanda wodwala wosatha kuyenda. Apongozi anatulutsidwa m'chipatala akuyenda ndi miyendo yawo, ndi kathumba ka mapiritsi m'manja, ndipo analumbira kuti pampandowo sadzakhalanso ngakhale atawamanga. Anakwera sitima ndi azakhali ndi achibale onse, akufotokozera aliyense za mmene anapulumukira. A Chipeso anatsala padoko ndi mpando wawo wochira.

Anaubwezera pageti la chipatala, pansi pa mtengo, n'kuyamba kudikira. Aliyense wotuluka ankamufunsa mwaulemu.

"Pepani, ndinu a kuchilumba?"

Akati inde, ankafunsanso, "Mukutha kuyenda?"

Ambiri ankatha, ndipo ena sankakondwa ndi mmene nkhope ya a Chipeso inkagwera akamva zimenezo. Mayi wina anakawanenera kwa mlonda. Mlondayo anabwera ndi ndodo, anayang'ana mpando, anayang'ana chipeso cha m'mutu, n'kukhalapo kuti amuchepetse tsitsi m'mbalimu ndi sizasi yobwereka. Atachoka panakhala mlonda mnzake, kenaka madalaivala, kenaka amuna odikirira odwala. A Chipeso anagula sizasi pamsika. Ankagona kwa msuweni wa makaniko wa maboti uja, ndipo akazi awo akaimba foni ankawauza kuti ntchito ikuyenda, chosowa ndi wodwala yekha.

Sitima inabwera n'kupita, inabweranso n'kupita. Kenaka tsiku lina pageti panatulukira mayi wamkulu thupi, mwendo uli m'chikhakha, akukangana ndi ndodo zake zoyendera. A Chipeso anamuzindikira. Ankagulitsa nsomba kumsika wa kuchilumba, ndipo anathyoka ataterera pa ayezi wake yemwe.

"Mukutha kuyenda, mayi?"

"Mukuona ngati ndikuvina?"

A Chipeso anasangalala mpaka anachita manyazi. Mayiyo atamva nkhani yonse anavomera, koma ananena chimodzi. "Mundikweze mpaka pamapeto. Ulendo uliwonse ndimakhala pansi ndi madengu, sindinaonepo chilumba chathu chikubwera."

Nthawi imeneyi a Chipeso anayamba ndi kudzigulira tikiti yawo. Anamukweza mayiyo mpaka chopondera chinalimba, ndipo mpando sunatsike ngakhale pang'ono. Popeza panalibe chopopa, a Chipeso anakhala pabenchi, anaona madzi, n'kupempha ndowa.

Anthu a kuchilumba anali ataona okha kuti wodwala wa pampando wofiira amadutsa pamzere, kaputeni amamulonjera, ndipo ambulansi imamuchingamira. Choncho munthu akadwala zenizeni, abale ake anayamba kubwera kuseri kwa golosale atapinda manja. A Chipeso sankatha kukana. Mpando unayamba kuwoloka ndi amayi oyembekezera, agogo, ndi aphunzitsi ena amene anagwa pa njinga. Unkabwerera wina akapezeka wobwera nawo, nthawi zina patapita mwezi. Mlamu anasiya kufunsa mafunso. Ankangoti, "Wofiira uja, bambo?" n'kudinda.

A Chipeso sanawolokenso. Mpando ukakhala kumtunda ankametera anthu pakreti ya zakumwa, atayalapo thaulo, ndipo odutsa mumsewu powalonjera ankafunsa za akazi awo, za ana, ndi za mpando.

"Uli bwino," ankayankha. "Tikuuyembekeza sabata yamawa."

Apongozi anakhalabe ndi moyo zaka zambiri, akumwa mapiritsi awo mokwiya. Mwezi uliwonse ankabwera kudzametedwa, ndipo kaya mpando ulipo kaya palibe, ankaimirira pakati pa chipinda atagwira chipewa. Anali munthu wamtali, choncho pakreti ankakwerapo a Chipeso.