Njinga Yopanda Kaliyala

A Anselmo ndi mkamwini mnzanga. Tonse tinakwatira m'mudzi umodzi kuseri kwa phiri la Mphunzi, iwo kuchokera ku Bembeke, ine kwa Kaphuka, ndipo zitseko za nyumba zathu zimayang'anana. Ndiye zimene ndikunenazi sindinachite kuuzidwa. Ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda zoyankhula, moti mukawafunsa kuti mwadzuka bwanji amayamba aganiza kaye. Masiku amenewo nsidze zawo zinkakhala zoyera ndi ufa, chifukwa ndiwo ankayendetsa chigayo cha mayi Falesi pa Linthipe.

Ntchito ya chigayo masiku ano mwini wake ndi magetsi. Akayaka m'mamawa, amayi amakhala atandanda kale ndi matumba pakhomo. Akazima, azima, mwina mpaka madzulo. Woyendetsa chigayo akachedwa, amayi aja amasenza matumba awo n'kuwolokera ku chigayo cha tsidya lina la msewu, mwini chigayo akuonerera manja ali m'chiuno. Ntchito imeneyi ndiyo inkagula feteleza wa m'munda mwa a Anselmo, ndiyonso inkalipirira mwana wawo Gift kusekondale. Popanda iyo akanakhala mkamwini wamba ngati ine, wa khasu ndi pakamwa basi.

Njinga anali nayo kale, yakuda yakapalasa, ya kaliyala wotakata kumbuyo woti n'kukhalapo mayi atabereka mwana. Sinafe ndi ukalamba njinga ija ayi. Inaphedwa ndi "odi". Kwathu kuno njinga ya munthu ndi ya mudzi wonse, makamaka ikakhala ya mkamwini. Wina wadwala, odi. Uthenga wa maliro ukufunika ukafike kwa abale a kutsidya kwa dambo, odi. Mlamu akufuna kutsitsira kachewere kumsika, odi, ndipo wabwera kale ndi zingwe zake m'manja. Ungakane bwanji iwe wolima munda wa eni, wogona pa dothi la eni? Paja amati kwa eni kulibe mkuwe. Njinga inkabwerako masipoko atathothoka, wobwereka n'kungoti, "Zikomo alamu, koma mabulekiwa muwakonze." Tsiku lina inathyoka pakhosi itasenza matumba a kabichi amene sanali a a Anselmo, ndipo wowotcherera zitsulo ataiona anangopukusa mutu.

A Anselmo anayamba kuyenda pansi. Amene amadziwa njira ya kwathu kukafika pa Linthipe akudziwa kuti si ulendo wa miyendo tsiku ndi tsiku. Ankanyamuka tambala woyamba, komabe ankapeza magetsi atayaka kalekale. Mayi Falesi si munthu woipa, koma chigayo anachigula kuti chizilira.

"A Anselmo, ine sindikukuthamangitsani," anatero tsiku lina. "Mgaiwa wanu amayi amauyamikira. Koma alipo wina wogona pompano amene akundivutitsa za ntchitoyi. Mukachedwanso, musadzandione ngati mfiti."

A Anselmo anagulitsa nkhumba imene ankaisungira nyengo ya feteleza. Akazi awo, a Ndaziona, anawonjezerapo kangachepe kamene ankasunga ku banki m'khonde. Zonse pamodzi zinali zokwana njinga imodzi yokha, yogwirapo kale ntchito, ndipo kusankha molakwika kunalibe pobwerera. Loweruka lina anandipempha kuti ndiwaperekeze ku boma.

Titazungulira msika mpaka mapazi kutentha, zinatsala ziwiri zimene thumba lawo likanafikira. Yoyamba inali mphwake wa yakufa ija: yakuda, yolemera ngati ngolo, kaliyala ali phaa kumbuyo. Yachiwiri inali ya kaunjika, yobiriwira, ya matayala opyapyala ndi magiya, yopanda kaliyala, yopanda n'zotchinga matope zomwe. Ine ndinaloza yakuda.

"Achimwene, tengani iyi. Zipangizo zake zili paliponse. Ikafa panjira, aliyense wokhala ndi sipanala pansi pa mtengo aikonza."

Iwo anali atainyamula yobiriwira ija ndi dzanja limodzi. Anati magiyawo adzawathandiza pa zitunda zobwerera kumudzi, pamene ena amatsika n'kumakankha. Zinali zoona, koma ndinaona kuti nkhani siinali pamenepo. Ndiye anandikokera pambali, kuopa kuti wogulitsa angamve, ngati kuti akundiuza za mankhwala.

"Taonani kumbuyoku," anandinong'oneza. "Palibe pokhala. Palibe pomangira chingwe. Adzabwereka chiyani?"

Ndinaseka mpaka misozi. Munthu wosayankhula akaganiza amaganiza zakuya. Sadzakana aliyense, sadzanyoza mlamu kapena mpongozi, njingayo idzakana yokha.

Ndipo zinayendadi. Miyezi ingapo a Anselmo ankafika pachigayo mayi Falesi asanatsegule n'zenera lomwe. Madzulo tinkawaona akukwera chitunda cha kumudzi ali pachishalo, ana akuwathamangira pambuyo. Ananenepako pang'ono. Odi ankabwerabe masiku oyamba, koma ankabwerera pakhomo. Dennis, mchimwene wawo wa a Ndaziona, anabwera ndi zingwe zake monga mwa nthawi zonse, n'kuizungulira njinga ija kawiri.

"Alamu, iyi ndi njinga kapena chidole? Katundu mumaika pati?"

"Ilibe poika."

"Ndiye mwagula ya inu nokha."

"Ndi ya kuntchito, alamu."

Dennis anakulunga zingwe zake n'kumapita. Koma anthu a kumudzi si opusa. Nzeru imene ine ndinaiseka kumsika, iwo anaitulukira pasanathe sabata, ndipo inawapweteka kuposa kukanidwa poyera. Munthu akakukana umatha kumudandaulira. Uyu anali atawakana onse asanapemphe n'komwe. Kumjigo amayi anayamba kuwatchula a Anselmo kuti "a Ndekha", ndipo a Ndaziona akafika ndi ndowa, macheza ankatha.

Kenako kunabwera chisanu cha Julaye, chija chimalowa m'mafupa ngakhale wafunda mabulangete awiri. A Vinsenti, amalume awo a a Ndaziona, mwini mbumba amene anawapatsa munda ndi malo omangapo nyumba, anagwidwa ndi chibayo. Anakhosomola sabata yathunthu abale akungowaphikira masamba a bulugamu. M'mawa wa tsiku limene anayamba kubanika, njinga ina yokhayo ya kaliyala m'mudzimo inali itapita ku ukwati ku Lobi. Dennis anathamangira kwa a Anselmo, n'kuima pakhomo akuyang'ana kumbuyo kwa njinga yobiriwira ija kumene kunalibe pokhala. Anatembenuka n'kukadula mitengo ya machira.

A Anselmo sanakhale pansi. Anapalasa ngati wamisala kukafuna njinga yamoto kumsewu, ndipo anaipezadi, n'kubwera nayo. Anakumana ndi machira ali pakati pa njira, a Vinsenti atatsirizika kale.

Ine ndikunena poyera, ndipo amene akufuna kukwiya akwiye: mkulu uja sanaphedwe ndi njinga. Anachedwa naye eni ake. Koma pamaliro anthu amafuna munthu womuloza chala, ndipo mkamwini amakhala pafupi.

Mwambo wathu ndi woti pakagwa maliro khomo lililonse limapereka ufa. A Ndaziona anasenza beseni lodzaza, ufa woyera wogayidwa ndi amuna awo omwe, n'kukatula pamene amayi ankaphikira. Palibe anaukhudza. Anaukankhira pambali pa nkhokwe, nkhuku zikuuzungulira. Kumanda, adzukulu okumba ankapatsirana khasu kudumpha a Anselmo ngati kuti pamalo pawo panali chitsa. Titabwerako koika, mayi wina wachikulire ananyamula beseni lija n'kuwasenzetsa a Ndaziona pamaso pa anthu onse.

"Tengani, mukadye nokha. Paja mwazolowera."

Ndinali pakhonde panga pamene a Ndaziona ankafika kunyumba. Anatula beseni pansi, ufa n'kumwazikira pa mapazi. Sanakuwe ayi, ndipo bwenzi zili bwino akanakuwa.

"Bambo a Gift, amene taika lero ndi amalume anga. Ine ndinabadwira pano, ndipo ndidzaikidwa pano. Inu zikakutopetsani muli ndi kwanu ku Bembeke. Nanga ine ndilowere kuti? Tsiku limene kudzagwe zovuta m'nyumba muno, adzatikumbira ndani?"

A Anselmo anafikisa zala pabondo.

"Nanga ntchito, amayi a Gift?"

"Ntchito sidzandiika m'manda."

Ndinawamvera chisoni onse awiri, chifukwa palibe amene ankanama.

Sabata yotsatira a Anselmo anapita nayo njinga kwa wowotcherera zitsulo pa Linthipe kuti awaikire kaliyala. Iye anati thupi la njinga yotere si chitsulo chogwira moto, choncho anangomangirira kaliyala wachitsulo ndi mabawuti pa timiyendo take tating'ono ta kumbuyo. Anawachenjeza kuti asamaikepo zolemera. Chenjezo labwino ndithu, koma analipereka kwa munthu wolakwika. Akanabwera kudzauza mudzi.

Madzulo amenewo a Anselmo sanalowetse njinga m'nyumba monga ankachitira. Anaiimika panja, pamene aliyense wodutsa akanaiona. Odi anabwerera ngati ntchentche pa mango. Poyamba zinali zopepuka: mayi wopita ndi mwana kusikelo, kathumba ka mbewu. A Anselmo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti azibwereka Lamulungu kapena madzulo, njinga izigona pakhomo. Anthu anavomera mokoma. Moni anabwerera, a Ndaziona anayambanso kuseka kumjigo, ndipo ku mapemphero a kumphakati a Anselmo anapatsidwa kuti awerenge mawu. Ndinaona munthu akupepukidwa mumtima, koma ndinkaonanso mmene ankagwirira masipoko m'mawa uliwonse, imodziimodzi, ngati mayi wofufuza malungo pa mwana.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, Dennis anabwera ndi zingwe. Anati kachewere wake wapeza wogula, timatumba tiwiri tokha. Matumba a kachewere a kwathu kuno mumawadziwa, aja amasokerera chisoti pamwamba mpaka kutalika ngati munthu. A Anselmo anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana akazi awo amene anali pakhomo, n'kutsekanso.

Dzuwa likupendeka, Dennis anatulukira atasenza njinga paphewa. Gudumu la kumbuyo linali litapindika ngati lichero lopondedwa ndi ng'ombe, kachitsulo kosinthira magiya kakulendewera pa tcheni, ndipo kamwendo kamodzi kamene kanagwira kaliyala kanali katathyokeratu.

"Pepani alamu," anatero akuitsamiritsa pakhoma. "Koma njinga zachizunguzi n'zosalimba. Akanakhala ine sindikanagula."

Tinayesa. Ine ndi a Anselmo tinalimbana nalo gudumu lija ndi miyala ndi mapazi mpaka kuwala kutatha, osatheka. Okonza njinga a kufupi anati limu la gudumu la saizi imeneyo alibe, mwina ku Lilongwe, ndipo thupi lothyokalo palibe angalilumikize.

Lolemba a Anselmo ananyamuka wapansi. Anandiuza pambuyo pake kuti asanafike n'pamsewu waukulu pomwe anamva chigayo chikulira, ndipo anachizindikira kuti n'chawo, chifukwa makina amene wawagwira zaka zambiri umawadziwa mawu. Anaima tsidya lina la msewu. Mkati munali munthu wina akuthira chimanga. Mayi Falesi anatuluka, n'kuwapatsa moni mwaulemu wonse, maso ali pansi. Sipanafunike mawu ambiri.

Gift sanabwererenso kusukulu teremu yotsatira. Munda wa chaka chino wabzalidwa wopanda feteleza, ndipo chimanga chake chayamba kale kuchita chikasu chisanafike m'mawondo. A Anselmo tsopano timapita limodzi kukagwira ganyu m'madimba a anthu. M'mudzi muno aliyense amawakonda. Amati ndi mkamwini wabwino, womva, wodziwa kukhala ndi anthu. Ndikamva mawu amenewa mtima wanga umawira, koma nanenso ndine mkamwini, ndimangovomera kuti eya.

Dzana tili pakhonde pawo tikunola makasu, Dennis anafika. Anakhala pansi, anafunsa za moyo, anadandaula za mvula. Kenako anasuzumira m'nyumba, mmene njinga yobiriwira ija yaimikidwa chagada kuseri kwa chitseko.

"Alamu, ndapeza kanjinga kotchipa kwa mnzanga, koma kalibe kaliyala. Poti yanuyi inafa, simungandibwereke kaliyala wanuyo?"

Ine ndinaleka kunola. A Anselmo anaganiza kaye monga mwa chizolowezi chawo. Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi njinga ija pamodzi ndi sipanala. Anagwada pa dothi n'kuyamba kumasula okha mabawuti, Dennis atatambasula chikhatho kuti azilandira.